Chingwe cha Viofo HK3: kusiya dashcam ikujambula galimoto ili chiimire popanda kupha batire

Anthu ambiri amene agula dashcam, kamera yoikidwa pa galasi lakutsogolo la galimoto kuti izijambula zochitika, muno mu Salima amadabwa akazindikira kuti kamerayo imagona limodzi ndi injini. Amailumikiza pa bowo la laita, n'kujambula bwino ulendo wonse wa mumsewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe, koma akangozimitsa galimoto ndi kuzula kiyi nayonso imazima, chifukwa pa galimoto zambiri zochokera ku Japan bowo limeneli limalandira magetsi pokhapokha kiyi akapotokoledwa. Chonsecho, malinga ndi mmene ine ndimaonera, zokandika zambiri za pa zitseko ndi pa mabampa zimabwera galimoto itaimikidwa pa Kamuzu Road, pakati pa njinga za kabaza, njinga zamoto ndi ngolo, mwini wake ali m'sitolo kapena pamzere ku banki. Pa nthawi yomwe mboni ikufunika kwambiri ndi pamene kamera imakhala itazima.

Chingwe cha Viofo HK3 chinapangidwa kuti chithetse vuto limeneli, ndipo ndakhala ndikuchigwiritsa ntchito limodzi ndi kamera ya A119 V3 ya kampani yomweyo pa galimoto yaing'ono ya Toyota. Maganizo anga ndi akuti chingwechi ndi chabwino ndipo chimachita zimene chinapangidwira, koma kwathu kuno, kumene kumatentha kwambiri ndiponso mabatire athu ndi aang'ono, ubwino wake wonse wagona pa kaswitchi kamodzi kamene anthu ambiri amakasiya pa malo olakwika.

Chinthucho pachokha n'chosavuta kuchimvetsa. Ndi chingwe chotalika pafupifupi mamita anayi, chokhala ndi kabokosi kakang'ono kamene kamatsitsa magetsi a galimoto kuchoka pa mavoliti 12 (12V) kufika pa 5V yomwe kamera imafuna. Mbali imodzi imalowa mu kamera kudzera pa mini USB, pamene mbali ina yagawikana m'mawaya atatu: wofiira, amene amapita pa fyuzi yokhala ndi magetsi nthawi zonse, wachikasu, amene amapita pa fyuzi yoyaka kiyi akapotokoledwa, ndi wakuda, amene amamangidwa pa bauti ya chitsulo cha galimoto. Waya wachikasuyu ndi amene amauza kamera kuti injini yazima, kuti isinthe kajambulidwe kake. Pamenepa pali chenjezo limodzi kwa okonza magetsi a galimoto amene anazolowera kulumikiza mawailesi: pa wailesi ya m'galimoto waya wachikasu ndiye wa batire ndipo wofiira ndi wa kiyi, koma pa HK3 zili mosemphana, choncho ndi bwino kuwerenga timapepala tomatidwa pa mawayawo m'malo modalira chizolowezi. Amene ali ndi makamera atsopano a Viofo okhala ndi bowo la USB-C, monga A229, amafunika chingwe cha HK4, chomwe kagwiridwe kake ka ntchito ndi komweko.

Tsopano za kaswitchi kaja. Pa kabokosi pali malo anayi oti musankhepo: 11.8V, 12.0V, 12.2V ndi 12.4V, ndipo pa malole ndi mabasi a 24V manambalawa amawirikiza kukhala 23.6V, 24.0V, 24.4V ndi 24.8V. Mphamvu ya batire ikatsika kufika pa nambala imene mwasankha, kabokosi kamadula magetsi opita ku kamera. Kuti manambalawa amveke, tiyenera kukumbukira kuti batire la galimoto lodzaza bwino, likapuma injini itazima, limaonetsa 12.6V kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.4V ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake lapita, likafika pa 12.2V lili pafupi ndi theka, ndipo pa 12.0V latsala ndi pafupifupi kotala chabe. Pa 11.8V batire limakhala litatheratu m'kati ngakhale nyali za pa dashibodi zikuyakabe. Kusiyana kwa manambala kukuoneka kochepa pa pepala, koma pakati pa 12.4V ndi 11.8V pali mbali yaikulu ya mphamvu imene batire lingapereke.

Chimene chimakopa anthu kusankha 11.8V n'chakuti kamera imajambula nthawi yaitali, ndipo masiku oyamba galimoto imalirabe m'mawa, kotero munthu amaganiza kuti zonse zili bwino. Vuto ndi lakuti batire loliza injini linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa kenaka n'kudzazidwanso nthawi yomweyo, osati kuyamwidwa pang'onopang'ono mpaka pansi usiku uliwonse. Likamakhala nthawi yaitali lisanadzaze, pa mbale za mtovu za m'kati mwake pamamera timiyala ta mchere wa salifeti timene timauma n'kukana kusungunuka, ndipo malo osungira mphamvu amanka nachepa mwezi ndi mwezi. Kutentha kwa kuno kunyanja, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kumafulumizitsa kuwonongeka kumeneku komanso kumaphwetsa madzi a m'batire. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mwini galimoto amene amaona kugula batire latsopano ngati nkhani yaing'ono, choncho ine sindiona nzeru yofupikitsa moyo wa batire chifukwa chofuna maola ochepa owonjezera a kanema wa mpanda wa kunyumba. Ndikanakhala wopanga chingwechi, 11.8V sindikanaiikapo n'komwe.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Kamera ya diso limodzi ngati A119 V3 imadya mawati awiri kapena atatu ikamajambula, zomwe pa 12V ndi pafupifupi kotala ya ampeya imodzi. Pa maola 12 a usiku zimakwana pafupifupi 3Ah (Ah imodzi ndi ampeya imodzi yodyedwa kwa ola limodzi), ndipo pa tsiku lathunthu zimakwana 6Ah. Galimoto zazing'ono zimene zadzaza m'misewu yathu, monga Vitz, Passo ndi Honda Fit, nthawi zambiri zimakhala ndi batire la NS40, lomwe mphamvu yake ili cha m'ma 35Ah likakhala latsopano. Ndiye kuti batire lathanzi likhoza kudyetsa kamera usiku wonse osafika pa 12.4V, ndipo zimenezi ndi zimene ndaona pa galimoto yanga: ndikafika madzulo kuchokera ulendo wautali, m'mawa ndimapeza kamera ikujambulabe. Kamera ya maso awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, imadya pafupifupi kawiri, ndipo batire lokalamba, limene mwina latsala ndi theka la mphamvu yomwe linalembedwa, limatsika kufika pa nambala yodulira patangopita maola ochepa. Zikatero anthu ena amanena kuti chingwe ndi chakufa, pamene chingwecho chikungonena zoona za batire lawo.

Pali chinthu chimene HK3 singachite, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna anthu a m'boma lino achimvetse kwambiri. Chingwechi chimaletsa batire kutsika kupyola malire, koma sichibwezera mphamvu imene yachoka. Yobwezera ndi alternator, makina odzaza batire, imene imapereka pakati pa 13.8V ndi 14.4V injini ikamalira, ndipo batire la mtovu limalandira mphamvu pang'onopang'ono, makamaka likayandikira kudzaza. Munthu amene amachoka kunyumba kupita ku ofesi pa boma, ulendo wa mphindi zosakwana khumi, n'kuimika galimoto tsiku lonse kamera ikujambula, kenaka n'kubwerera madzulo, amakhala ngati wotapa m'nkhokwe tsiku ndi tsiku koma akukolola pang'ono. Batire lake limangokhala pafupi ndi nambala yodulira sabata yonse, ndipo ngati nambalayo ndi 12.0V ndiye kuti batire likukhala ndi njala nthawi zonse. Wa taxi amene amayenda pakati pa Salima ndi Senga Bay kangapo patsiku, kapena amene amathamanga mumsewu wa M5 kupita ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa, alibe vuto limeneli, ndipo akhoza kusankha 12.2V popanda nkhawa ngati batire lake lili bwino. Kwa wa maulendo aafupi, komanso kwa aliyense amene batire lake ladutsa zaka ziwiri, 12.4V ndiyo nambala yoyenera, ngakhale kuti masiku ena kamera idzazima usiku usanathe. Chimodzimodzinso eni ake a galimoto za hybrid monga Aqua ndi Prius, chifukwa batire lawo la 12V ndi laling'ono ndipo likafooka galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza.

Kajambulidwe kamene mwasankha mu kamera kamasintha kuchuluka kwa malo odyedwa pa memori khadi kuposa mmene kamasinthira magetsi odyedwa. A119 V3 ili ndi njira zitatu galimoto ikaima: kujambula pokhapokha chinthu chikayenda patsogolo kapena galimoto ikagwedezeka, kujambula zithunzi zodumphadumpha zimene zimapanikiza maola ambiri m'mphindi zochepa, ndi kujambula mosalekeza koma mafayilo ake ali aang'ono. Njira yoyamba imamveka yopulumutsa batire, komabe diso la kamera limakhala lili maso nthawi yonse kuti lione choyenda, ndipo pa msika wa Salima palibe mphindi yomwe pamakhala popanda choyenda. Ine ndimakonda njira yachitatu, chifukwa imasunga mawu ndiponso siphonya chiyambi cha nkhani, chomwe ndi chimene apolisi a pamsewu ndi a inshuwalansi amafuna kuona.

Ntchito yolumikiza siitenga nthawi kwa munthu wodziwa, koma si yoti muipereke kwa aliyense amene ali ndi pulayala. Pamafunika timapulagi tolowa m'bokosi la mafyuzi timene timakhala ndi malo a mafyuzi awiri, ina ya galimoto ndi ina ya kamera, ndipo timapulagiti tili mitundumitundu. Galimoto zambiri za Toyota zimagwiritsa ntchito mafyuzi afupiafupi otchedwa low-profile mini, choncho zulani fyuzi imodzi muione musanaitanitse, popeza kapulagi kolakwika sikalowa ndipo kupeza koyenera msanga muno m'boma si kwapafupi. Wolumikiza ayeze ndi mita yoyezera magetsi kuti adziwe fyuzi yokhala ndi magetsi kiyi atazulidwa, ndipo asagwire ya airbag, ya ABS kapena ya kompyuta ya injini. Ya nyali ya m'denga kapena ya mahazadi ndiyo imasankhidwa kawirikawiri pa waya wofiira, ndipo ya laita kapena ya wailesi pa waya wachikasu. Ndinaona m'galaja ina munthu akusenda waya wa galimoto n'kupotera wa kamera pamenepo popanda fyuzi, n'kukulunga ndi tepi, ndipo umenewo ndiwo mchitidwe woyambitsa moto. Chingwe chikamakwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo chidutse kuseri kwa thumba la airbag ngati lilipo, osati patsogolo pake. Kabokosi kokhala ndi kaswitchi kaikidwe pamalo pofikika ndi dzanja, chifukwa mudzafuna kusintha nambala batire likamakalamba. Apa ndi pamene ndili ndi kadandaulo pa kapangidwe kake: kaswitchiko ndi kakang'ono, ndipo kabokosiko kalibe poonetsa kuti batire lili pa mavoliti angati, kotero kuti wofuna kudziwa ayenera kukhala ndi mita yakeyake.

Zingwe zotchipa za mawaya awiri zimene zimapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto sindizilimbikitsa. Zambiri zimadula pa nambala imodzi yosasinthika, nthawi zina yotsika mpaka 11.6V, ndipo popeza zilibe waya wa kiyi, kamera sidziwa msanga kuti galimoto yaima. Ena amagwiritsa ntchito power bank ya foni, zomwe zimatetezadi batire la galimoto, koma kusiya batire la lithiamu wamba m'galimoto yotsekedwa padzuwa la ku Senga Bay, mmene pa dashibodi pamatha kupitirira madigiri 60, ndi kuika galimoto yonse pachiswe. N'chifukwa chakenso ndinasankha kamera yokhala ndi supercapacitor, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono kopirira kutentha, m'malo mwa kabatire ka lithiamu m'kati. Njira yabwino koposa kwa amene amasiya galimoto masiku angapo ndi batire lapadera la dashcam la mtundu wa LiFePO4, monga BlackVue B-130X kapena Cellink Neo, limene limadzaza galimoto ikamayenda ndipo silikhudza batire loliza injini, koma mtengo wake ukaphatikizidwa ndi wotumizira komanso msonkho umaposa wa kamera yeniyeniyo, ndipo kwa galimoto imene imagona mumpanda ndalamazo sizibwerera.

Amene galimoto yake imagona kunyumba kotetezeka ndipo amangofuna mboni pa maola amene waimika pa msika, pa chipatala kapena pa gombe, HK3 ikumukwanira, bola aike pa 12.4V ndi kugula memori khadi yopirira kulembedwa mosalekeza, chifukwa makhadi wamba a m'foni amafa msanga akamajambula usana ndi usiku pa kutentha. Ngati galimoto ikhala yosayenda kupitirira masiku atatu kapena anayi, ndi bwino kungozula kachingwe kumbuyo kwa kamera, popeza alamu, wotchi ndi kompyuta ya galimoto zimapitiriza kudya pang'ono ngakhale kabokosi katadula kale mbali yake. Ndipo musanaitanitse chingwechi n'komwe, yezani batire m'mawa injini isanalire: likaonetsa zochepera 12.4V popanda kamera iliyonse, ndalamazo ziyambe zapita ku batire kapena kokayezetsa alternator.