Ubuntu Server 24.04 pa kompyuta yakale, miyezi isanu ikuyenda bhobho

Ndati ndilembe ndemanga iyi poti ambiri mukabwera pa shopu yathu yosindikiza ku Area 25 mumandifunsa za kabokosi kali pansi pa tebulo kaja, kopanda sikirini koma kamangoyaka usana ndi usiku. Ndi seva imene ija abale, kompyuta yosungira mafayilo a makompyuta ena onse, muli Ubuntu Server 24.04 LTS, mtundu wa Linux umene umayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, ndipo ndaigwiritsa ntchito miyezi isanu tsopano.

Chinatipweteka ife ndi mafulashi. Makompyuta atatu, kasitomala wabwera kudzatenga makhadi a ukwati koma fayilo ili pa kompyuta ina, nde kumangothamanga ndi fulashi uku ndi uku mpaka tsiku lina virus inalowa, mapulogalamu a maliro, ma CV a anthu, zonse kusanduka ma shortcut. Mayi wina anaima pakhomo akudikira pulogalamu ya maliro a bambo awo ine ndilibe choti ndiwapatse. Tsiku limenelo ndinati basi zakwana.

Ndinagula Dell OptiPlex yakale, RAM 8GB, disiki 500GB. Ubuntu yo ndi yaulere, ndalama imangopita pa bandulo chifukwa ISO yake, fayilo yoinstolera ija, ndi pafupifupi 3GB, ine ndinapanga dawunilodi usiku kenako kuiyika pa fulashi ndi Rufus, kapulogalamu kokonzera fulashi yoinstolera. Kuinstola kwake kulibe mawusi, ndi kiyibodi basi, ma arrow, Tab ndi Enter, poyamba zimaopsa koma mafunso ake ndi olunjika, netiweki, disiki, dzina, pasiwedi. Theka la ola silinakwane. Ikakufunsani za OpenSSH chongani, musadumphe, chifukwa ndi imene imakulolani kuchotsa sikirini n'kumalowa mu seva muli pa laputopu.

Tsopano apa mvetserani bwino, nkhani ya disiki. Mukangodina Done osasintha kanthu imagwiritsa ntchito LVM, njira yake yogawira malo a disiki, ndipo pa disiki yaikulu ngati yangayi imangotenga 100GB, malo enawo imawasiya pambali osawakhudza kuti mudzawagawe nokha mmene mukufunira. Ine sindimadziwa, patapita masabata atatu mafayilo akukana kuseveka, kulemba df -h, lamulo loonetsa malo a pa disiki, ndikuona 98G, mutu unaima, ndimvekere 400 inayo yapita kuti. Ilipo, sinasowe. Mumangolemba sudo lvextend -r -l +100%FREE /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv basi yonse yabwera, osazimitsa olo pang'ono. Koma bola kukonzeratu pa sikirini ya disiki pomwe paja tsiku loinstola.

IP, nambala ya seva pa netiweki, ikhale yosasintha, apo bii rauta ikazima n'kuyakanso seva imatha kupatsidwa nambala ina makompyuta onse osaiwonanso. Zimenezi zimakonzedwa mu /etc/netplan, ndipo fayilo yake ndi ya YAML, siifuna Tab, ma space okhaokha ndipo akhale pa mzere wake. Chimene ndinakonda ndi sudo netplan try, ukalakwitsa osatsimikiza imabwerera yokha mmene inaliri pakatha masekondi 120. Amene anaganiza zimenezi anaganizira anthu ngati ife ophunzira tokha usiku.

Nthawi nayo, imabwera ili pa UTC nde mafayilo amaoneka ngati anasevedwa maola awiri mmbuyo. Musavutike kusaka Lilongwe pa mndandanda mulibemo, ya Malawi ndi Africa/Blantyre, sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre yatha.

Nditaika Samba, pulogalamu yogawira mafoda pa netiweki, mafodawo anayamba kuoneka pa makompyuta a Windows onse atatu ngati ali momwemo. Mtsikana amene amataipa uja sadziwa n'komwe kuti kuli Linux, amangotsegula foda ya MAKASITOMALA n'kumagwira ntchito. Firewall, chotchinga alendo osafunika pa netiweki, ndi ufw, koma lolani kaye ssh (OpenSSH ija) ndi samba musanaiyatse, mukayamba n'kuyatsa mwadzitsekera panja nokha, kukasakanso sikirini.

Pa magetsi nde pamene yandigwira mtima. Inu mukudziwa mmene amazimira kwathu kuno, pena kawiri katatu pa tsiku, ndipo ine UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, ndinalibe. Ndinalowa mu BIOS, ma setting a kompyuta amene umalowamo ikangoyaka, n'kusintha kuti magetsi akabwera kompyuta iziyaka yokha, pa Dell amalemba AC Recovery, muike Power On. Chiyambireni yazima mwadzidzidzi kosawerengeka koma ikayaka imadzuka bwinobwino, mphindi imodzi mafoda abwera. Sindikunena kuti muzichita dala zimenezi ayi, disiki imatha kufa nazo, nchifukwa chake Loweruka lililonse ndimakopera zonse pa disiki ina ndi pulogalamu ya rsync n'kupita nayo kunyumba.

Choti muchenjere nacho ngati intaneti yanu ili ya bandulo ngati yathu, ma update a chitetezo imakoka yokha mwakachetechete, ndi zabwino ndithu koma MB zimatsika iwe osadziwa. Ine sindinazimitse, ndinangozolowera kusiyako pang'ono. 24.04 inatuluka mu April 2024 ndipo ma update aulere alipo zaka zisanu mpaka 2029, nde za kuinstolanso chaka ndi chaka palibe.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa si ya aliyense, ngati sikirini yakuda ya malemba okhaokha imakutopetsani ndipo simufuna kuwerenga, pezani wodziwa akuikireni, koma mukhale naye pompo, aone za 100GB zija, ndipo pasiwedi ya sudo, imene imakupatsani mphamvu yosintha zinthu mu seva, akupatseni mulembe mu kope lanu asanachoke. Kwa mashopu, tisukulu tating'ono ndi maofesi a makompyuta ochepa ndikuti yesani. Ine mwezi ukatha ndikugula ka UPS, kenako ndilumikize pulinta yaikulu ija pa seva yomweyo kudzera pa CUPS, pulogalamu yoyendetsa mapulinta, kuti aliyense azisindikiza ali pampando pake.