Mabuku a piyano a magiredi pagulu la osiyana luso: zimene ndaona chigulireni

Mabuku atatu a nyimbo za piyano amene ndinaitanitsa ku Johannesburg chaka chatha akhala ali m'manja mwa ana ndi akulu omwe kuyambira teremu ya September, ndipo tsopano ndikhoza kunena zimene sindikanatha kunena atangofika. Nthawi imeneyo ndinalemba zochepa: kuti mapepala ake ndi olimba, manoti ndi akuluakulu, ndiponso kuti nyimbo iliyonse ili m'magawo atatu, losavuta, lapakati ndi lovutirapo, n'cholinga choti anthu osiyana luso aziimba nyimbo imodzi nthawi imodzi. Ndinati ndidzanenanso mabukuwo akadzada ndi manja. Pano ada ndithu, ndipo maganizo anga ndi akuti buku loyamba ndi lachiwiri ndingaguleko kachiwiri, koma lachitatu ayi.

Ndimaphunzitsa Loweruka m'mawa mu holo ya tchalitchi china ku Area 25 ku Lilongwe. Tili ndi makiyibodi anayi a makiyi 61 ndi piyano imodzi yamagetsi ya makiyi 88. M'gululi muli kamtsikana ka Sitandade 4 kamene kanabwera kasanakhudzepo kiyibodi, anyamata awiri a kusekondale amene amaimba kale kiyibodi kukwaya koma ndi khutu lokha, mayi wina wachikulire wa Chigwirizano amene amawerenga do re mi bwinobwino, mtsikana amene akukonzekera mayeso a giredi 3, ndi ena angapo apakatikati. Makolo ambiri kuno sangakwanitse kulipira mphunzitsi wa mwana mmodzi payekha, ndiye gulu ndiyo njira yathu. Vuto lake ndi lodziwika kwa aliyense amene anayesapo: ukamathandiza woyamba kumene, wodziwayo amayasamula, ukatembenukira kwa wodziwayo, woyambayo amayamba kudina mabatani a ng'oma.

Za magiredi ndinene pang'ono, poti makolo amandifunsa kawirikawiri. Muyeso umene ambiri timatsatira ndi wa ABRSM, bungwe la ku London lomwe linayamba mu 1889. Mayeso awo a piyano amayambira pa Initial Grade, kenaka giredi 1 mpaka 8. Trinity College London nayo ili ndi makwerero ofanana nawo. Mabuku angawa si a mabungwe amenewa ndipo si a mayeso, koma pachikuto analembapo giredi imene gawo lililonse likulingana nayo. M'buku loyamba ndi lachiwiri ananena zoona. Gawo losavuta ndi la munthu amene sanafike giredi 1, zala zisanu zili pamalo amodzi osasuntha. Lapakati ndi la giredi 1, lovutirapo limafika cha ku giredi 2.

Chimene ndimawayamikira kwambiri mabukuwa, ndipo ndikuchiyamikira kuposa poyamba paja, n'chakuti gawo losavuta si longotonthozera mwana. Ndi msana wa nyimbo. Pali kanyimbo kena m'buku loyamba kamene woyamba kumene amangoliza manoti awiri okha ndi dzanja lamanzere, C ndi G, noti iliyonse kuigwira mabiti anayi. Ndinapatsa kamtsikana kaja. Muzikaona: kachala kakang'ono kali pa C, chala chachikulu chikudikira pa G, milomo ikuwerenga chamumtima, maso ali pa pepala osaphethira. Tsiku lina kanasokonezeka n'kuchotsa dzanja, ndipo nyimbo yonse inagwa pomwepo, chifukwa anyamata aja anali atatsamira pa besi yakeyo osadziwa. Mmodzi anatembenuka n'kunena kuti, "Iwe mlongo wanga, usasiye, tonse tikumvera iwe." Mayi aja nawonso anati, "Mwanawe, tiyambirenso, tiyendera limodzi." Kuyambira tsiku limenelo mwanayo amafika woyamba, n'kupukuta yekha fumbi pa kiyibodi yake. Mwana amene akanakhala yekha ndi manoti awiriwo akanatopa nawo sabata yomweyo. Pagulu amamva kuti manoti akewo akunyamula anthu akuluakulu. Zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: musi wa wina ukachedwa, winayo sangatsitse wake.

Ubwino wina umene unaonekera mochedwa ndi wa masiku amene anthu ajomba. Kukagwa maliro, kukakhala chinkhoswe, kapena nyengo ya mayeso akusukulu ikafika, gulu limachepa ndi theka. Nyimbo za m'mabuku awiri oyambawa zimamvekabe bwino ndi magawo awiri okha, bola besi ikhalepo, ndiye phunziro silifa.

Tsono pali chinthu chimene mabukuwa sanachiganizire, ndipo mphunzitsi wa kuno ayenera kuchidziwa asanawononge ndalama zake. Ana athu ali ndi khutu lakuthwa. Anakulira m'kwaya, m'Sande sukulu, m'nyimbo za pamaliro zimene munthu amalowa ndi mawu ake achiwiri popanda womuuza. Nyimbo ikalira kawiri m'holo, mnyamata wa kukwaya waigwira kale, gawo lake ndi la mnzake lomwe. Amayang'ana pa pepala mwaulemu, zala zikuyenda bwino, koma sakuwerenga. Cha mu February ndinaika tsamba latsopano patsogolo pa mmodzi wa iwo, losavuta kuposa zimene ankaliza, ndipo anakhala duu, chala chili m'mwamba, kudikira kuti wina ayambe. Munthu wophunzira payekha sangabisale chotero, chifukwa palibe woti amumvere. Pagulu malo obisala ndi ambiri, ndipo mabuku a mtundu uwu amawachulukitsa.

Sindikunena kuti khutulo ndi loipa. Ndi chuma, ndipo alendo ambiri amalivutikira zaka. Pa mayeso a ABRSM oimba pamaso pa woyesa, malikisi onse ndi 150 ndipo kukhoza kumayambira pa 100. Kumva ndi khutu kuli ndi malikisi 18, amene ana athu sawavutikira kwenikweni. Koma kuwerenga nyimbo imene sunaionepo kuli ndi malikisi 21, ndipo apa ndi pamene khutu silingakupulumutse. Kuposa za mayesozo, ine ndimafuna kuti mnyamata ameneyu tsiku lina adzatsegule buku la nyimbo ali yekha usiku n'kumva zimene zalembedwamo, osadikira kuti wina amuimbire.

Zimene zathandiza ndi zitatu, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chinalembedwa m'mawu otsogolera mphunzitsi. Nyimbo yatsopano tikamaiyamba, aliyense amavala mahedifoni kaye n'kulimbana ndi gawo lake yekha, asanamve za anzake. Mahedifoni otchipa a mumsika wa ku Old Town akugwira ntchitoyi bwinobwino, kungoti makiyibodi ena amafuna kachilumikizo kakakulu. Chachiwiri, sindiyambitsa nyimbo pachiyambi nthawi zonse. Ndimangoti tiyambire pamzere wachitatu, ndipo amene waloweza amaonekera pompo. Chachitatu ndi kusinthana magawo. Wodziwa amatsikira ku besi ya manoti awiri ija, wapakati amayesa dzanja lamanja la gawo lovutirapo pang'onopang'ono. Poyamba anyamata ankaona ngati ndawatsitsa, koma kugwira noti imodzi mabiti anayi osathamanga kunawavuta kuposa mmene ankaganizira, ndipo anakhala chete n'kuyamba kuwerenga.

Mayi a Chigwirizano aja anandiphunzitsa njira ina yolowera m'mabukuwa. Iwo anakulira pa tonic sol-fa, kalembedwe kamene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni anabwera nako kuno m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi. Mizere isanu ndi timadontho takuda zinkawaopsa. Tinagwirizana kuti azilemba d, r, m ndi pensulo pamwamba pa manoti, kenaka nyimbo ikakhazikika azifufuta okha. Popeza buku loyamba limakhala nthawi yaitali mu C lisanapite ku G ndi F, njirayi inayenda. Titafika mu G, iwo ndi amene anafotokozera ana chifukwa chake pakufunika F sharp. Anaimba makwerero kuchokera pa do watsopano, n'kuima pa ti, n'kunena kuti, "Tamverani ana inu, kiyi yoyerayi yatsika, ti ali pa yakudayi." Ine ndikanatenga mphindi zambiri kufotokoza zimenezo ndi choko. Pano pensulo ija saigwiranso m'buku loyamba.

Gawo lapakati ndilo lofooka m'mabuku onse atatu, ndipo izi zimandipweteka chifukwa ophunzira ambiri ali pamenepo. Amene analemba anapereka nyimbo yeniyeni kwa wodziwa, anapereka maziko kwa woyamba, ndipo wapakati anamusiyira makodi, manoti angapo olira pamodzi, obwerezabwereza ongodzaza mpata. Mwana amaliza tsamba lonse osamva kuti waimba kanthu koti akaonetse kunyumba. Amene anayamba kujomba popanda chifukwa anali a gawo limeneli. Bambo wina anabwera kudzatenga mwana wake n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimene akuimba kunyumba zija ndi nyimbo? Ife sitikumvamo kanthu." Funso lawo linali loona. Gawo lapakati ukaliimba lokha silimveka ngati nyimbo. Tsopano wapakati aliyense ndimamupatsa kanyimbo kake kayekha kokayesera kunyumba, ndipo m'holo ndimamupatsa mzere wapamwamba vesi yachiwiri.

Mtsikana wa giredi 3 uja mabukuwa sanamukweze pa luso la zala, ndipo sangalowe m'malo mwa nyimbo zake za mayeso, zomwe amasankha zitatu kuchokera pa mindandanda A, B ndi C imene imasintha zaka ziwiri zilizonse. Chimene wapindula ndi china. Ankathamanga pamalo osavuta n'kuchedwa pamalo ovuta, monga amachitira ambiri oyeserera okha. Gulu silimudikira ndipo silimuthamangira, ndiye waphunzira kusunga biti ndi kupitirira akalakwitsa m'malo mobwerera. Popeza kuyambira Initial Grade mpaka giredi 3 amaloleza kusankhako nyimbo yoimba awiri, iye wasankha yotero, ndipo saopa.

Kasanjidwe ka zovuta ndi zosavuta nako si ka kuno. Nyimbo za 6/8, zimene biti iliyonse imagawika patatu, anaziika kumapeto kwa buku lachiwiri ngati phiri lalikulu, pamene ana athu anazigwira tsiku lomwelo, mapewa akugwedezeka, chifukwa kayendedwe kameneko amakamva m'makolasi ndi m'magule kuyambira ali kumsana. Chimene chimawavuta ndi nyimbo zapang'onopang'ono za manoti ataliatali ndi malo opumira, zomwe bukulo limaziyesa zophweka. Choncho sinditsatiranso masamba motsatana. Nyimbo zambirinso ndi zachikhalidwe cha ku Ulaya, za chipale chofewa ndi nyengo zimene mwana wa ku Lilongwe sanazionepo. Si zoipa, zina n'zokoma ndithu, koma palibe imene agogo angaizindikire n'kuyamba kuvomera. Ndayamba kutenga nyimbo zathu za masewero a ana ndi za m'nthano n'kuzilemba m'magawo atatu motsanzira kapangidwe ka mabukuwa, koma gawo lapakati ndikulipatsa mawu ovomera, poti nyimbo zathu zambiri ndi za wotsogolera ndi ovomera. Pamenepo wapakati amakhala ndi chonena chake. Mwina phindu lalikulu limene ndapeza pa ndalama zanga ndi limeneli, kuona mmene nyimbo imagawidwira.

Buku lachitatu linalembedwera anthu okhala ndi mapiyano enieni. Kiyibodi ya makiyi 61 imatsika ma octave awiri okha pansi pa C wapakati (octave ndi kuchoka pa do kufika pa do wotsatira), ndipo besi ya m'bukuli imapitirira pamenepo. Limafuna pedulo, chopondera chotalikitsa kulira kwa noti, limafunanso kusiyanitsa kuliza mofewa ndi mwamphamvu, pamene awiri mwa makiyibodi athu amalira chimodzimodzi kaya wadina bwanji. Kuchoka pa buku lachiwiri kufika pa ili mpata wake ndi waukulu: gawo lotchedwa losavuta limafuna kale manja onse awiri ndi kusuntha malo, ndiye woyamba kumene alibe polowera. Tinaimbamo nyimbo zochepa, zotsalazo zikudikira.

Za kulimba kwake, mapepala apirira fumbi la October ndi chinyezi cha January, ndipo pensulo imafufutika osang'amba. Chikuto ndiye chinamatidwa ndi guluu, buku silikhala lotsegula pa choikapo, limadzitseka pakati pa nyimbo. Ndinapita nawo kwa omanga mabuku m'tauni kuti adule msana n'kuikamo waya wozungulira, ndipo vutolo linatha. Mtengo ndi wowawa, monga chilichonse chochokera kunja chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Ena anandiuza kuti ndigule limodzi n'kupanga fotokope. Sindinatero. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016 lilipo, ndipo ife amene timadandaula oimba athu akamaberedwa nyimbo sitingachite zomwezo kwa ena. Ndinagula awiriawiri, ophunzira amaonera limodzi, ndipo zokayesera kunyumba amakopera pamanja m'makope a mizere isanu, zomwe zawathandizanso kuzindikira manoti. Magetsi akazima timatseka makiyibodi n'kuomba magawo atatu aja m'manja ndi pa mabenchi, kapena kuwaimba ndi pakamwa, ndipo mabukuwa amalola zimenezo bwino.

Mphunzitsi amene ali ndi gulu losakanikirana la oyamba kumene mpaka giredi 2, kaya kutchalitchi kaya kusukulu, agule mabuku a mtundu umenewu, koma asanalipire atsegule aone gawo lapakati ngati lili ndi nyimbo, aonenso noti yotsikitsitsa ngati ikupezeka pa kiyibodi yake. Amene ophunzira ake onse apitirira giredi 3 asavutike nawo. Teremu ya September ikubwerayi ndigawa gulu pawiri kwa theka la ola loyamba, owerenga paokha ndi oyamba paokha, kenaka tizikumana tonse pa buku lachiwiri ndi nyimbo zathu zija. Buku lachitatu ndalibwereketsa mnzanga wophunzitsa ku Area 47 amene ali ndi mapiyano awiri a makiyi 88.