Scamp, Casita, TAB kapena Bambi: kalavani ya anthu awiri

Ife a ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, makalavani (timanyumba tokokedwa ndi galimoto) tili nawo pakhomo. Elkhart ndi ulendo wa theka la ola, ndipo makalavani ambiri oyenda m'misewu ya America amapangidwa m'dera limenelo. Yathu yoyamba, ine ndi mayi akunyumba, inali ya mtundu wofala uja: mafelemu a matabwa, malata opyapyala kunja, denga la labala. Kampani yake sinditchula. Chaka chachitatu, sinowo atasungunuka, tinatsegula chitseko n'kulandiridwa ndi fungo la chuku. Nditaponda pakona ya bedi, pansi panangoti fwa, ngati buledi wonyowa. Madzi ankalowera pamsoko wa denga miyezi yonseyo ife osadziwa.

N'chifukwa chake ulendo wachiwiri tinayamba ndi funso la misoko, kenako bedi, kenako galimoto yokokera. Mtundu wa makatani unabwera pamapeto.

Pa misoko, Scamp ndi Casita n'zapachibale. Zonse amaziumba ndi faiba, yomwe ija amapangira maboti: chigoba chapamwamba ndi chapansi, n'kuzilumikiza ndi lamba mmodzi m'chiuno. Denga lilibe msoko m'mbali, ndiye mumangoyang'anira mawindo ndi pamene anaboola poika fani. Scamp imapangidwa ku Backus, Minnesota, Casita ku Rice, Texas, ndipo zonse mumaitanitsa ku fakitale. Zogwiritsidwapo kale ntchito sizigwa mtengo msanga. Ikangoikidwa pamsika imapita ngati zitumbuwa.

Zimasiyana pa malo. Scamp 13, ya mafiti 13, ndi yopepuka zedi, pafupifupi mapaundi 1,500. Koma tebulo lodyera ndi lomwelo bedi. Usiku mutsitse tebulo, muyale makushoni, m'mawa mupinde zonse musanamwe tiyi. Loweruka ndi Lamlungu lokha n'zosangalatsa. Sabata ziwiri pamsewu, mmodzi akufuna kugona mnzake akufuna kuwerenga, muyamba kuyankhana mopotoza. Kutsogolo kwake musankhe chimodzi, sofa kapena chimbudzi. Zonse ziwiri sizikwana. Makoma amkati anawakuta ndi nsalu yaubweyaubweya yothandiza kuti chinyezi chisachite mame. Ine nditaiona ndinangoganiza za fungo la usipa wokazinga, n'kudziuza kuti mbaula ya gasi izikhala panja.

Casita ya mafiti 17 imalemera pafupifupi mapaundi 2,500 isanapakiridwe, ndipo mafiti anayi owonjezerawo ndi amene amasintha moyo wa m'katimo. Mtundu wake wa Spirit uli ndi matebulo awiri: lalikulu kumbuyo, laling'ono la anthu awiri cham'mbali. Lakumbuyolo mumalisandutsa bedi kamodzi kokha, kuikapo matilesi enieni, osalipindanso. Amene amakonda aliyense kugona payekha, Independence ili ndi mabedi awiri ndi kanjira pakati, palibe zodumphana pakati pa usiku. Bafa lake ndi lija la kachipinda kamodzi, shawa ndi chimbudzi pamodzi, moti ukasamba chilichonse chimanyowa. Pepala la kuchimbudzi muzitulutsa kaye.

TAB 320 ya kampani ya nuCamp, ya ku Sugarcreek, Ohio, ndi imene inawakopa mayi akunyumba. Yooneka ngati dontho la madzi, mkati mwake mwaudongo, makabati opalidwa bwino. Chotenthetsera chake cha Alde chimayendetsa madzi otentha m'mapaipi m'mbali mwa makoma, choncho simumva phokoso la fani yobuma usiku ngati m'makalavani ena. Kuno kozizira kuyambira Okutobala, chimenecho si chinthu chochepa. Kulemera kwake ndi mapaundi cha m'ma 2,000. Vuto ndi denga: mafiti 5 ndi mainchesi 9 basi, masentimita 175. Ine ndimapitirira pamenepo, ndipo nditayerekeza kuvundula nsima pachitofu chake nditawerama khosi, nkhani inathera pomwepo. Bedinso ndi la tebulo lomwe lija. TAB 400 imakonza zonse ziwiri, denga lalitali ndi bedi lokhazikika, koma imafika cha m'ma 3,000, mtengo nawo n'kukwera.

Airstream Bambi ndiye mfumu ya maonekedwe. Aluminiyamu wonyezimira womangidwa ndi maliveti, wochokera ku Jackson Center, Ohio. Mbiri nayo ilipo: mu 1959 woyambitsa kampani ya Airstream, Wally Byam, anatsogolera makalavani 41 kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo. Bambi 16RB ili ndi bedi lokhazikika kumbuyo ndi tebulo kutsogolo, ndendende zimene tinkafuna. Koma bedilo m'lifupi ndi mainchesi 48, ndipo lagona chopingasa: wogona kukhoma akafuna kutuluka adumphe mnzake. Aluminiyamu amabonyoka ndi matalala, ndipo kusintha chigamba chimodzi ndi ntchito ya katswiri. Ndalama ya Bambi imodzi yatsopano mungagulire ma Scamp 13 awiri. Ndimaikonda ikamadutsa pamsewu, ili ya wina.

Tsopano galimoto, pamene ambiri timapusitsidwa. Nambala ya kulemera imene ogulitsa amatchula ndi ya kalavani yopanda kanthu. Onjezani madzi (lita imodzi ndi kilogalamu imodzi), gasi, batire, mapoto, thumba la ufa. Yang'anani GVWR, malire a kulemera konse. A Bambi 16RB ndi mapaundi 3,500. Subaru Outback wamba amakoka 2,700, RAV4 wamba ya petulo ya mu 2025 imakoka 1,500, Highlander ya petulo 5,000. Ndiye Outback ikwanitsa Scamp 13 kapena TAB 320, koma Casita yodzaza ndi Bambi zikufuna yokulirapo. Palinso kulemera kotsamira pachokolekera, komwe kumayenera kukhala 10 mpaka 15 pa 100 alionse a kulemera kwa kalavani. Kumeneko kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto, pamodzi ndi inu awiri. Malire ake alembedwa pakapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Kawerengeni musanapite kukaona kalavani iliyonse. Ndipo muikitse chowongolera mabuleki a kalavani, musadalire a galimoto okha potsetsereka.

Ife tinatenga Casita Spirit ya zaka zisanu ndi chimodzi kwa banja lina lachikulire. Ndisanalipire ndinakwera makwerero kuona mozungulira fani, ndinagwada kununkhiza m'makabati apansi, n'kuwerenga deti la matayala. Mapazi ake anali akadali akuya, koma matayalawo anali omwe inatuluka nawo ku fakitale, choncho tinachotsera pamtengo n'kugula atsopano tisananyamuke.