Super Mario Land pa Game Boy: gemu yaifupi imene ndimaibwerezabe

Papita miyezi itatu chigulireni kakaseti ka Super Mario Land, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe zimene ndapeza kuti amene akuganiza zogula gemuyi adziwiretu chimene akugula. Kakasetiko ndinakagula kwa munthu amene anali atakagwiritsa kale ntchito, ndipo ndimakasewera pa Game Boy (makina a magemu onyamula m'manja a kampani ya Nintendo) yoyambirira ija, yotuwa, yonenepa ngati njerwa, imene imayendera mabatire anayi a AA. Tsiku loyamba nditayatsa, dzina la Nintendo limene limatsika pasikirini linatuluka lophwanyikaphwanyika ndipo gemu inakana kuyamba. Vuto linali litsiro pa timano tachitsulo ta kakasetiko, poti mwini wake wakale sankakasamala, koma nditapukuta ndi thonje loviika mu spiriti zonse zinayenda bwino, ndipo mpaka lero sikanandivutenso.

Gemuyi inatuluka ku Japan pa 21 Epulo 1989, tsiku lomwelo limene Game Boy inayamba kugulitsidwa. Amene anazolowera Super Mario Bros. ya pa TV amazindikira msanga kuti apa pali china chachilendo, ndipo chifukwa chake ndi chakuti Shigeru Miyamoto, amene anayambitsa Mario, si amene anaipanga. Inapangidwa ndi gulu la Gunpei Yokoi, lomwe linapanganso makina a Game Boy, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo anali Satoru Okada. Anthu amenewa anatenga Mario n'kumutulutsa m'dziko lake la bowa n'kupita naye ku Sarasaland, kumene mdani ndi Tatanga, cholengedwa chochokera mumlengalenga, ndipo wobedwa ndi mwana wamkazi wa mfumu dzina lake Daisy, yemwe anaonekera koyamba m'gemu imeneyi. Kwa ine chilendo chimenechi ndicho chokoma chake chachikulu, chifukwa zinthu zimene dzanja likuganiza kuti likuzidziwa zimachita mosiyana, ndipo munthu amakakamizika kuphunziranso.

Chitsanzo chabwino ndi kamba. M'magemu ena a Mario ukaponda kamba umatha kukankha chigoba chake kuti chikagwetse adani ena, ndiye ine ndinaponda kamba woyamba n'kuima pambali pake kuti ndimukankhe monga mwa chizolowezi. Chigobacho chinayamba kuphethira, ndipo ndisanamvetse chimene chikuchitika chinaphulika n'kundichepetsa. Akamba a ku Sarasaland amanyamula bomba kumsana, choncho ukaponda uyenera kuchokapo nthawi yomweyo. Moyo woonjezera nawo suli m'bowa wobiriwira monga kwina, uli mu kamtima, ndipo n'zomveka chifukwa pasikirini ya mitundu inayi yokha, kuchokera kowala kufika koderapo, bowa wobiriwira ndi wofiira sakanasiyanitsidwa.

Chimene ndachikonda kuposa zonse ndi mpira umene Mario amaponya akatola duwa. Mpirawu sudumphadumpha chamtsogolo ngati moto wa m'magemu ena. Umagunda pansi mopendekera n'kunjanja kupita m'mwamba, ndipo ukakumana ndi khoma kapena denga umabwerera n'kumangonjanja choncho mpaka utazimirira. Pamalo opanda denga ndi chida chovuta, chifukwa ukaphonya mdani mpirawo umangouluka n'kupita, ndipo sungaponye wina mpaka woyambawo utachoka pasikirini. Koma mpira womwewo umatolanso ndalama zachitsulo zimene wakhudza, ndipo apa m'pamene pali chisangalalo. Ukalowa m'paipi n'kutsikira m'chipinda chobisika chodzaza ndi ndalama, umangoima pakona, n'kuponya kamodzi, kenako n'kumaonerera mpira ukuzungulira chipinda chonse uku ndalama zikulira motsatizana, ngakhale zija zili pamwamba pamene Mario sangafike. Ndinataya nthawi yambiri m'zipinda zimenezi ndikuyesa kupeza malo oimapo oti mpira umodzi utole zochuluka, mpaka ulendo wina nthawi ya pamwamba pasikirini inatsala pang'ono kundithera.

Dziko la Sarasaland lili ndi maufumu anayi, ndipo uliwonse uli ndi zigawo zitatu, kutanthauza kuti zigawo zonse ndi 12 zokha. Birabuto ndi wa mapiramidi ndi migwalangwa, wofanana ndi Egypt wakale. Muda ndi wa madzi. Easton uli ndi mitu ikuluikulu yamiyala ngati ya ku Easter Island, ina yothamanga ndipo ina youluka. Ndipo Chai, wa nsungwi, anautengera ku China. Ufumu wa Easton ndi umene unandigwetsa kwambiri. Muli malo ena amene pansi pake ndi minga yokhayokha, ndipo njira yowolokera ndi kudumphira pa chimwala chimene chikugubuduzika, n'kuima pamwamba pake chikunjanja, kenako n'kuchokapo chisanagwere m'dzenje. Poyamba ndinkachithawa chimwalacho poganiza kuti ndi mdani basi, ndipo panapita masiku awiri ndisanazindikire kuti ndicho galimoto yanga. Ku Chai nako kuli adani otchedwa Pionpi amene amayenda modumpha, ndipo ukawaponda amagwa kwa kanthawi n'kudzukanso kuyamba kukulondola, moti wopanda duwa amayenera kuponda n'kuthawa osacheuka.

Zigawo ziwiri zimasinthiratu kaseweredwe. Kumapeto kwa Muda, Mario amalowa m'kasitima kapansi pamadzi kotchedwa Marine Pop, ndipo kumapeto kwa Chai amakwera kandege kotchedwa Sky Pop. Apa palibe kudumpha: sikirini imayenda yokha, iwe n'kumawombera za kutsogolo ndi kuzemba, uku ukuphwanya zipupa kuti zisakupanikize kumbuyo. M'chigawo cha m'madzi muli malo amene ndalama anaziyala kuti zilembe dzina lakuti MARIO, kanthu kakang'ono koma kondiseketsa nthawi iliyonse ndikafikapo. Nkhondo yomaliza ndi Tatanga imachitikira m'mwamba momwemo, atangogonja mdani wina wobisala mumtambo, ndipo ndi yovuta mokwanira kuti manja achite thukuta.

Kumapeto kwa zigawo zimene zilibe mdani wamkulu kuli zitseko ziwiri, china pansi, china pamwamba. Chapansi ndi chongolowa, koma chapamwamba chimafuna kudumpha pa timiyala timene timagwa ukangotiponda kapena pa timatabwa toyenda. Wofika pamwamba amapatsidwa kamasewera ka mwayi: pamakhala mizere inayi, Mario ndi makwerero akusinthasintha malo mofulumira, ndipo ukadina batani amayenda kukatenga chimene chili kumapeto kwa mzere wake, kaya moyo umodzi, iwiri, itatu, kapena duwa. Nzeru ya opanga ikuonekera apa, chifukwa chigawo chimene unachidziwa kale chimakhalabe ndi mayeso kumapeto kwake, ndipo miyoyo imene wasonkhanitsa ku Birabuto ndi imene imadzakupulumutsa ku Easton.

Nyimbo zake anapeka ndi Hirokazu Tanaka, ndipo ndikulangiza aliyense kuti azimvera ndi mahedifoni, pakuti kasipika ka Game Boy n'kamodzi ndipo kamabisa zambiri. Ya chigawo choyamba imakakamira m'mutu tsiku lonse, pomwe ya pamapeto, Mario ndi Daisy akuuluka, ndi yodekha mwakuti sindizimitsa makina isanathe.

Zofooka zilipo ndithu, ndipo wogula ayenera kuzidziwa. Choyamba ndi kadumphidwe. Mario wa m'gemuyi amagwa mofulumira ngati mwala, makamaka akatsetsereka m'mphepete popanda kudumpha, ndipo ukasiya kudina mbali imene akupita ali m'malere, liwiro lake limatha mwadzidzidzi. Amene manja awo anazolowera magemu ena a Mario adzataya miyoyo yambiri tsiku loyamba ndipo adzaganiza kuti mabatani awonongeka. Ine zinanditengera masiku angapo kuti ndizolowere, ndipo ngakhale lero sindinganene kuti kadumphidweka ndi kabwino, ndangokaphunzira basi. Chachiwiri ndi kuchepa kwa zithunzi. Sikirini ya Game Boy ili ndi timadontho 160 m'lifupi ndi 144 m'litali, ilibe nyali yakeyake, ndipo Mario ndi adani ake anawajambula aang'ono kwambiri. Ukamathamanga utadina batani la B, zithunzi zimasiya chithunzithunzi kumbuyo, moti kamdani kakang'ono kamatha kukupeza usanakaone. Pamafunika kukhala powala bwino ndi kupotokola kagudumu ka m'mbali mpaka zithunzi zitaoneka bwino. Adani akuluakulu a ku Birabuto ndi ku Easton nawonso ndi ofewa, popeza ungathe kungowadutsa n'kukagunda batani limene lili kumbuyo kwawo osamenyana nawo.

Ambiri amadandaula za kufupika kwake, koma ine apa ndikusiyana nawo. Kakasetika sikasunga pamene wafika, ndiye ukazimitsa umayambiranso pachiyambi. Gemu ikanakhala yaitali, zimenezi zikanakhala nkhanza, koma amene waidziwa bwino amaimaliza m'mphindi 30 kapena 40, ndipo kutalika kumeneku kukugwirizana ndi makina onyamula m'manja amene umawatulutsa ukapeza kampata. Ine kuti ndiimalize koyamba panatha sabata yathunthu, ndipo tsiku lililonse ndinkafika patsogolo pang'ono kuposa dzulo lake, chifukwa zigawo zoyamba zinali zitalowa m'zala. Ukagonjetsa Tatanga n'kuyambiranso osazimitsa, gemu imabwera yolimba, adani atachuluka ndiponso ataikidwa m'malo amene poyamba munali mtendere, ndipo ukaimalizanso kachiwiri umaloledwa kusankha chigawo chimene ukufuna. Chondidandaulitsa n'chakuti zonsezi zimafufutika ukangozimitsa makina, ndiye wofuna kufika pamenepo ayenera kukhala ndi ola lathunthu ndi mabatire amoyo.

Amene akufuna zithunzi zazikulu ndi gemu yosunga pamene wafika angachite bwino kuyamba ndi Super Mario Land 2: 6 Golden Coins ya 1992, imene inabweretsa Wario, mdani wa Mario. Ndinaiyesa nayonso ndipo ndi yokongola kuposa iyi, koma ndi yoyamba ija imene imakhala m'makina anga nthawi zambiri. Yoyambayo inagulidwa makope oposa 18 miliyoni, choncho makaseti ake akale savuta kupeza, ndipo kuyambira 2024 ikupezekanso pa Nintendo Switch Online, njira yosewerera magemu akale pa makina a Nintendo Switch, pamene sikirini ndi yowala ndipo ungathe kusunga pamene wafika. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kadumphidwe kaja. Wogula kakaseti kakale apemphe kuti akayatsire pamaso pake, aone ngati dzina la Nintendo likutsika lathunthu, kenako asewereko chigawo choyamba mpaka pa zitseko ziwiri zija asanapereke ndalama.