OBS Studio pojambula sikirini ku ofesi: nyenyezi 4 mwa 5

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito OBS Studio, pulogalamu yojambula vidiyo ya zooneka pa sikirini ya kompyuta, kwa miyezi inayi tsopano pa laputopu ya ku ntchito, Windows 11, RAM yake 8GB basi. Ntchito yanga ndi ya akaunti ndipo ndinatopa ndi kufotokozera anzanga a kumaofesi a kumaboma pa foni mmene amadzazira fomu ya liquidation (yofotokoza mmene ndalama zagwiritsidwira ntchito) mu Excel, munthu ukumuuza kuti dinani pa column D iye ali pa G, mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndinati bola ndingojambula vidiyo aziionera okha.

Poyamba ndinkagwiritsa Xbox Game Bar yomwe imabwera kale mu Windows, ungodina Windows ndi Alt ndi R yayamba kujambula, vidiyo yake umakaipeza mu foda ya Captures mkati mwa Videos. Ndi yabwino ndithu koma imajambula pulogalamu imodzi yokha, File Explorer kapena desktop siijambula, pomwe ine ndimafuna kuonetsanso komwe failo imasungidwa. Nchifukwa chake ndinasamukira ku OBS. Ndi yaulere, ilibe watermark (chidindo cha pulogalamu pa vidiyo), ilibe zoti pakatha mphindi zisanu lipirani. Kudaunilodi kwake ndi kopitilira 100MB ndiye ngati ofesi ili ndi WiFi chitirani komweko, osati pa bandulo yanu.

Tsiku loyamba kuitsegula ndinangoti kakasi, mabatani mbwee, Scenes, Sources, Audio Mixer, ngati uli mu situdiyo ya wailesi kkkk. Apa mpomwe ndachotsapo nyenyezi imodzi. Koma ikamatseguka koyamba imakufunsa ngati ukufuna streaming kapena recording, sankhani recording, zambiri imadzikonzera yokha.

Tsopano nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi, ndipo vuto linali langa osati la pulogalamuyi. Pa Sources ndinasankha Display Capture, imene imatenga chilichonse chooneka pa sikirini. Ndajambula vidiyo yanga ya mphindi 12, mawu akumveka bwinobwino, ndatsala pang'ono kuiponya pa gulu la WhatsApp la anthu a ku ntchito, mtima unangondiuza kuti tayamba waionera kaye. Pa mphindi ya 7 pakona yakumanja pansi kanatulukira kauthenga ka Outlook kaja, imelo yochokera kwa a HR, dzina la mnzathu wina lili pomwepo pa mutu wa imeloyo limodzi ndi mawu oti adulidwe malipiro chifukwa cha ngongole. Masekondi ochepa okha koma munthu atha kuimitsa vidiyo n'kuwerenga bwinobwino. Thukuta linandituluka. Ine pojambula sindinakaone n'komwe, maso anali pa ma formula. Tangoganizani ikanapita pa gulupo, anthu oposa makumi awiri, mwiniwake nkhaniyo alinso momwemo, ndikanamuyang'ana bwanji mmawa mwake.

Ndinaifufuta ndikuyambiranso. Pano ndimasankha Window Capture ndikuloza pa Excel yokha, zotulukira pambali sizilowa mu vidiyo. Ndikafuna sikirini yonse ndimayamba ndatseka Outlook ndi WhatsApp ya pa kompyuta ndikuyatsa Do not disturb, a Windows 10 kwanuko imatchedwa Focus assist. Mu Outlook yakale ija muthanso kupita pa File, Options, Mail ndikuchotsa chizindikiro pa Display a Desktop Alert, sikadzatulukanso. Musaiwale ma tab a Chrome, mutu wa tab ya Gmail umaonetsa adiresi yanu ya imelo. Ndipo Desktop Audio ndimaitseka mawu, apo bii kabelu ka uthenga kamamveka mu vidiyo ngakhale uthengawo usakuoneka.

Nditamufotokozera mkulu wathu wa IT anangoseka nkuti achimwene, inu mukudandaula za kauthenga, kodi mukudziwa kuti imelo ya ku ntchito si yanu? Akuti akauntiyo ndi ya kampani, amene ali ndi admin atha kutsegula bokosi lanu abwana akalamula, ndipo kufufuta imelo sikutanthauza kuti yachoka pa seva. Ine ndinali nditatumizapo CV kwina pa imelo yomweyo chaka chatha, sindinayankhe kanthu. Kuyambira pamenepo za ine mwini, za banki, za sukulu ya ana, zimadutsa pa Gmail ya pa foni yanga ndi data yanga.

China chomwe ndaikondera ndi MKV, mtundu wina wa failo ya vidiyo. Batire la laputopuyi linafa kale, magetsi akangothima nayonso yathima. Pa Settings, Output, Recording Format ndinaika MKV, ndiye tsiku lina atathima ndili mkati mojambula vidiyo inatsala mpaka pomwe inalekera, MP4 wamba ikanaonongeka yonse. Ukamaliza umapita pa File, Remux Recordings, imasanduka MP4 mu masekondi ochepa kuti iziseguka pa foni ya aliyense.

Ndimajambula pa 1280x720 kuti failo isakule, koma Excel muikulitse kaye mpaka 130% kapena 150%, apo ayi manambala saoneka pa foni. Potumiza pa WhatsApp itumizeni ngati document, mukaitumiza ngati vidiyo imaifinya mpaka zilembo kuchita mbuu. Kudula kapena kubisa mbali ina ya vidiyo mutajambula kale OBS sichita, ilibe editor, ine ndimadulira mu Clipchamp kapena kungojambulanso.