Nyenyezi zitatu: bukuli ndi labwino, koma ogulitsawa anandiyalutsa

Ndinawonjezera R40 kuti phukusi libwere lobisika. Analemba okha patsamba lawo kuti amaika m'katoni yopanda chizindikiro chilichonse, ndipo kabokosiko ndinachonga mwadala, osati mwangozi. Mtengo wa buku unali R289, kuphatikizanso ya wobweretsa.

Ndiye Lachinayi masana ine ndili kuntchito, wanjinga yamoto wafika pageti, buku lili m'pulasitiki yoonekera ngati ya buledi. Kapepala ka adiresi anakamata kumbuyo, chikuto n'kuchisiya poyera: anyamata awiri, wina wavala jezi ya mpira wa ku America, winayo chifuwa chili pamtunda, mphumi zagundana. Amene anasainira ndi azakhali anga, omwe ndimakhala nawo kuno ku Joni, mayi a Mvano osajomba Lachinayi lililonse, koma tsiku limenelo mwendo unawavuta ndiye anali pakhomo. Pofika madzulo ndinalipeza patebulo atalivundikira ndi kansalu ka pamwamba pa TV. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Katundu wanu uyo, bambo." Munthu amene wakhala akunditchula kuti iwe chibadwire changa, lero ndasanduka inu. Nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Ndinawalembera ogulitsawa pa WhatsApp usiku womwewo. Mtsikana wawo anayankha patapita masiku awiri kuti makatoni anawathera, komanso kuti ndisadandaule poti ndi buku chabe ndipo kuno amuna okhaokha akhala akuloledwa kukwatirana kuyambira 2006. Chemwali, zimenezo ndikuzidziwa, koma amene amaphika m'nyumba muno si lamulo. Azakhali ali ndi nambala ya amayi kumudzi, ndipo kwathu ku Malawi khoti linakana mu June 2024 kuchotsa malamulo otsekera amuna ogonana okhaokha mpaka zaka 14. Pepani sanandiuze, ndipo R40 yanga mpaka lero sindinaione.

Buku ndinaliyamba ndili ndi mkwiyo, ndikufunafuna chonyoza. Pofika chaputala chachinayi ndinali nditaiwala zonsezo.

Ndi nkhani ya anyamata awiri a timu imodzi ya pa yunivesite, onse a chaka chomaliza. Wina ndi quarterback, uja amaponya mpira ndi kutsogolera anzake, ndipo aliyense akumuyembekezera kuti atengedwa mu April pa draft, pomwe matimu a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, amasankha osewera atsopano. Mnzakeyo ndi wongomenya mpira ndi phazi, amalowa m'bwalo kwa timasekondi n'kutulukanso, ndipo pasukulupo alipo chifukwa cha scholarship ya masewera basi. Akamuchotsa m'timu, sukulu yathera pomwepo. Wolemba anaigwira bwino mfundo imeneyi, yoti mantha a awiriwa si ofanana: wina akuopa kutaya mamiliyoni, wina akuopa kubwerera kwa mayi ake wopanda digiri. Mpira wakewo ine sindinkaumva n'komwe, koma wolemba amakulowetsa pang'onopang'ono, mpaka umazindikira wekha kuti timu ili ndi mipata inayi yoti isunthe mayadi 10, ndiponso kuti makoleji amasewera Loweruka pamaso pa chinamtindi, mabwalo ena ngati la Michigan olowa anthu opitirira 100,000.

Pamene panandipha ndi m'basi, akubwerera kuchokera ku gemu yomwe aluza. Magetsi azima, anzawo akuliza nkonono, awiriwa akhala mpando umodzi, aliyense chomvera chimodzi kukhutu, ndipo kwa masamba atatu palibe wolankhula, mawondo okha ndiwo agundana. Kochi atadzuka kupita kumbuyo, quarterback uja anasuntha mwendo mofulumira, ndipo mnzakeyo sanamulankhule sabata yathunthu. Ndinatseka buku n'kuyang'ana kudenga, chifukwa kusuntha mwendo kumeneko ndimakudziwa.

Amene amati nkhani zoterezi n'zokokomeza akumbukire Michael Sam, amene ankasewerera yunivesite ya Missouri. Anzake a timu anawauza mu 2013 kuti amakonda amuna anzake ndipo anamusungira chinsinsi, dziko analiuza mu February 2014, koma pa draft anatengedwa ndi St. Louis Rams pa nambala 249 mwa 256, ndipo gemu ya ligi ya NFL sanaseweremo ngakhale imodzi. Zinatengera Carl Nassib mu 2021 kuti wosewera amene ali m'timu ya NFL anene poyera. Ndiye quarterback wa m'bukuli akamazengereza, ine sindimuweruza.

Zolakwika zilipo. Pakati nkhani imakoka, kukangana ndi kugwirizana kumabwerezedwa katatu konse. Za kuchipinda zachuluka moti zina ndinkangodumpha, ndiye si buku losiya pabalaza. Kochi amene wakhala akutukwana buku lonse akusanduka mngelo m'chaputala chimodzi, zomwe sindinakhulupirire ngakhale pang'ono. Guluu wa bukulinso ndi wachabechabe, masamba awiri ayamba kale kuthothoka.

Bukulo palokha ndikanalipatsa nyenyezi zinayi, yachotsa ina ndi pulasitiki ija. Azakhali abwerera pa iwe Lamlungu lapitali, atandituma anyezi, koma za buku sitinakambepo. Gawo lachiwiri ndigula la pafoni, kwa ena.