Magalasi a Vortex Diamondback HD: kodi amathandiza mlenje kudziwa gwape woti awombere ndi woti amuleke?

M'chigawo cha Pennsylvania ku America, mlenje amaloledwa kupha gwape wamphongo mmodzi yekha pa chaka, kotero kuti akangokhethemula mfuti, nkhani ya nyanga m'chaka chimenecho imakhala yatha. Pa chifukwa chimenechi, gwape wamphongo akatulukira pakati pa mitengo, mlenje amakhala ndi mafunso awiri oti ayankhe m'kanthawi kochepa kwambiri. Funso loyamba ndi lakuti kodi lamulo likumulola kuwombera nyamayo. Lachiwiri, lomwe ndi lovuta kuposa loyambalo, ndi lakuti kodi nyamayo yakula mokwanira kapena ndi bwino kuisiya kuti ionenso chaka china. Magalasi oonera patali a Vortex Diamondback HD, omwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito posaka agwape a mtundu wa whitetail, ndikuwayesa pa mafunso awiriwa basi, chifukwa imeneyi ndiyo ntchito yomwe mlenje wa m'nkhalango amawagulira.

Kampani ya Vortex ili ku Barneveld m'chigawo cha Wisconsin, ndipo magalasi a Diamondback HD ali pakatikati pa katundu wake: amaposa a Crossfire HD, koma safika pa Viper HD kapena Razor. Mtengo wake umakhala pakati pa madola 200 ndi 300 malinga ndi sitolo. Amene alenje ambiri amagula ndi a 10x42, kutanthauza kuti amakulitsa chinthu maulendo 10 ndipo galasi lakutsogolo ndi lalikulu mamilimita 42. Amalemera pafupifupi magalamu 600, salowa madzi, ndipo mkati mwake anaikamo mpweya wa argon kuti asachite nkhungu munthu akachoka m'galimoto yofunda n'kulowa m'chisanu cha mwezi wa Novembala. M'bokosi mumabweranso kachikwama ka pachifuwa kotchedwa GlassPak, komwe poyamba kamaoneka ngati kongowonjezera, koma ndi kofunika kwambiri kwa munthu wokwera pansanja ya mumtengo, popeza magalasi olendewera m'khosi amagunda makwerero achitsulo ndipo phokoso limenelo gwape amalimva ali kutali.

Kuti timvetse chifukwa chake magalasi ali ofunika chonchi, tiyenera kuona lamulo lenilenilo. Nyanga za gwape wa whitetail sizili ngati za mbawala kapena nswala, zomwe zimakhala pamutu moyo wonse ndipo zilibe nthambi. Izi zimathothoka chaka chilichonse chisanu chikamatha, kenako zimameranso, ndipo kawirikawiri zimamera zazikulu ndi zanthambi zambiri pamene nyamayo ikukula. Mu 2002 bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire la Pennsylvania Game Commission, pamene katswiri wa zanyama Gary Alt ankatsogolera ntchito yoyang'anira agwape, linakhazikitsa lamulo lowerenga nthambi zimenezi. M'madera ambiri a chigawochi, gwape wamphongo woyenera kuwomberedwa ayenera kukhala ndi nthambi zitatu kapena kuposerapo pa nyanga imodzi, ndipo nthambi imawerengedwa ngati yafika inchi imodzi. M'madera ena a kumadzulo, kuphatikizapo ozungulira mzinda wa Pittsburgh, lamulo ndi lolimbirapo, pakuti kanthambi koyamba komera pafupi ndi mphumi sikawerengedwa, ndiye nthambi zitatuzo ziyenera kupezeka pamwamba pa kameneko. Lamuloli lisanabwere, pafupifupi 80 mwa agwape amphongo 100 alionse ophedwa m'chigawochi ankakhala a chaka chimodzi ndi theka, koma masiku ano oposa theka la ophedwa amakhala a zaka ziwiri ndi theka kapena kuposerapo.

Pa funso loyamba ili, magalasi a Diamondback HD amagwira ntchito yake bwino ndithu. Dzuwa likatuluka, pa mtunda wa mayadi 100 kapena 150, nthambi zimaoneka zolekana bwinobwino ndi timitengo touma tomwe tili kumbuyo kwa mutu wa nyama, ndipo uku ndiko kuyesedwa kwenikweni kwa galasi, chifukwa nyanga ndi nthambi za mitengo yopanda masamba zimafanana mtundu. Pakati pa chithunzi pamaoneka mwakuthwa, ngakhale m'mphepete mumafewa pang'ono, zomwe sizivuta chifukwa palibe amene amawerenga nthambi za nyanga ndi m'mphepete mwa galasi. Kagudumu kosinthira kuti chithunzi chioneke bwino kamatembenuka mosavuta ngakhale munthu atavala magolovesi, ndipo mlenje wozolowera amatha kukagwiritsa ntchito podutsitsa maso m'tchire lowirira, n'kusiya zapafupi zili mbuu kuti aone zimene zili kuseri kwake. Kanthambi kokayikitsa, komwe mwina kafika inchi kapena sikanafike, nkovuta kukatsimikiza ndi galasi lililonse nyama ikamayenda, koma ikaima n'kutembenuza mutu, magalasi amenewa amapereka yankho.

Pali mfundo ina ya chitetezo yomwe aphunzitsi a ulenje amaibwereza nthawi zonse: galasi la pamfuti si loonera chinthu chimene sunachizindikire. Munthu amene alibe magalasi oonera patali amakopeka kuloza mfuti pa chilichonse chogwedezeka kuti aone kuti n'chiyani, pamene m'nkhalango za boma pa tsiku loyamba la nyengo ya mfuti, lomwe kuyambira 2019 limakhala Loweruka lotsatira chikondwerero cha Thanksgiving cha kumapeto kwa Novembala, chogwedezekacho chikhoza kukhala mlenje mnzake. Lamulo limafuna kuti aliyense avale zovala zowala za mtundu wa lalanje zokwana masikweya inchi 250 pamutu, pachifuwa ndi kumsana, koma tchire limabisa mtundu uliwonse. Pa chifukwa ichi chokha, ndalama za magalasi zimakhala zitabwerera kale.

Funso lachiwiri ndilo likufuna kukhalapo nthawi yaitali, popeza apa ndi pamene alenje amasiyana maganizo ndiponso ndi pamene mphamvu ya galasi imaonekera kapena kuperewera. Zaka za gwape sizidziwika ndi nyanga. Gwape wa chaka chimodzi ndi theka wodya bwino m'mbali mwa minda ya chimanga ndi soya akhoza kukhala ndi nthambi zisanu ndi zitatu, pamene wa zaka zinayi wa m'mapiri opanda chakudya chokwanira akhoza kukhala ndi nyanga zosapatsa chidwi. Chimene chimaulula zaka ndi thupi, ndipo mlenje amene akufuna kuweruza bwino ayenera kudzikakamiza kuchotsa maso pamutu. Wa chaka chimodzi ndi theka amaoneka ngati wamkazi amene wangovekedwa nyanga: miyendo imaoneka yaitali kuposa thupi, khosi ndi lowonda, ndipo kumbuyo kumaoneka kolemera kuposa kutsogolo. Wa zaka ziwiri ndi theka amakhala atayamba kudzaza, koma chiuno chikadali chowonda ndipo khosi limatupa pang'ono chabe m'nyengo yokwerana. Akafika zaka zitatu ndi theka, chifuwa chimazama kuposa mimba ndipo mapewa amaoneka amphamvu, koma malire a khosi ndi mapewa amaonekabe. Pa zaka zinayi ndi theka mafupa amakhala atamaliza kukula, khosi limalowerera m'chifuwa popanda malire ooneka, mimba imafika pamzere umodzi ndi chifuwa, ndipo miyendo imayamba kuoneka yaifupi. Wopitirira pamenepo mimba imalendewera ndipo msana umayamba kupindikira pansi pakati. Chizindikiro china chili m'kati mwa mfundo za miyendo yakumbuyo, pomwe pali ubweya umene wamphongo amaukodzera m'nyengo yokwerana. Mwa wamkulu malowa amada bii ndipo kudako kumatsikira m'munsi mwa mwendo.

Zizindikiro zonsezi zimafuna kuti munthu aone nyama yonse nthawi imodzi, itaima cham'mbali, ndipo apa ndi pamene ndimakhulupirira kuti alenje ambiri amagula magalasi olakwika pa mitundu iwiri ya Diamondback HD. A 10x42 amaonetsa malo otambalala mamita pafupifupi 110 pa mtunda wa mamita 1,000, pamene a 8x42 amaonetsa mamita pafupifupi 131. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma m'nkhalango momwe gwape amatulukira pa mayadi 40 kapena 60 ndipo akuyenda akununkhiza mapazi a wamkazi, galasi lotambalala limamupeza msanga ndipo limamusunga m'chithunzi kuyambira mphuno mpaka mchira. Kuwonjezera apo, kukulitsa maulendo 10 kumakulitsanso kunjenjemera kwa manja, ndipo palibe mlenje woona mtima amene anganene kuti manja ake sanjenjemera wamphongo wamkulu akayandikira, makamaka pamene dzanja lina lagwira mfuti kapena uta. Amene amasaka m'minda yotseguka ya m'zigawo za Iowa kapena Kansas, kumene nyama imaonedwa pa mayadi 300, angachite bwino ndi a 10x42. Wa m'nkhalango za Pennsylvania, New York kapena Michigan atenge a 8x42.

Palinso nkhani ya kuwala. Nthawi yololedwa kusaka imayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke ndipo imatha mphindi 30 litalowa, ndipo agwape akuluakulu, omwe apulumuka nyengo zingapo za mfuti, amakonda kuyenda m'mphindi zimenezi zam'bandakucha ndi zachisisira. Kuchuluka kwa kuwala kofika m'diso kumadalira kukula kwa galasi lakutsogolo pogawa ndi mphamvu yokulitsira: 42 kugawa ndi 10 kumapereka mamilimita 4.2, pamene 42 kugawa ndi 8 kumapereka mamilimita 5.25. Mwanadiso wa munthu amatseguka kuposa mamilimita 4.2 kukamachita mdima, makamaka mwa achinyamata, choncho a 8x42 amaoneka owalirapo pa nthawi yomwe kuwalako kukufunika kwambiri. Komabe tisanamizane: magalasi a mtengo umenewu, a kampani iliyonse, amafika pamalire ake m'mphindi khumi zomaliza pansi pa mitengo ya paini. Thupi la nyama limaoneka, nyanga zimaoneka kuti zilipo, koma kanthambi kachitatu ndi mzere wa khosi zimasungunukira mumdima. Magalasi okwera mtengo kawiri kapena katatu amawonjezera mphindi zingapo chabe, ndipo munthu aliyense adziweruzire yekha ngati mphindi zimenezo zikuyenera ndalama zoterozo. Ine ndimaona kuti siziyenera, chifukwa gwape amene sindingathe kumuwerenga ndi Diamondback HD amakhalanso gwape amene sindingathe kuona bwino pomwe chipolopolo chalowa, ndipo kutsata magazi usiku m'tchire lonyowa ndi njira yotayira nyama.

Ndiyenera kunena kuti si mlenje aliyense amene amasamala za funso lachiwirili, ndipo sindimuona ngati wolakwa. Ganizo losiya amphongo aang'ono linafalitsidwa kwambiri ndi bungwe la Quality Deer Management Association, lomwe Joe Hamilton analiyambitsa mu 1988 ku South Carolina ndipo mu 2020 linaphatikizana ndi lina n'kukhala National Deer Association. Ganizoli limagwira bwino ntchito pa malo aakulu a eni ake, pomwe alenje oyandikana agwirizana kuti onse azisiya agwape a msinkhu wakutiwakuti. Pa malo a boma, gwape wa zaka ziwiri ndi theka amene mwamusiya m'mawa akhoza kugwa kuseri kwa phiri lomwelo dzuwa lisanafike pamutu, ndipo munthu amene wapempha tchuthi cha masiku ochepa kuntchito kuti adzaze firiji ali ndi chifukwa chomveka chowombera wamphongo woyamba wololedwa ndi lamulo. Magalasi sangamusankhire mlenje pakati pa njira ziwirizi. Chimene amachita ndi kumuthandiza kuti asadabwe akafika pa nyama yake, n'kupeza kuti nyanga zomwe zimaoneka zazikulu patali zachepa zitagona pansi, zomwe zimachitika kawirikawiri munthu akaweruza ndi maso okha gwape akuthawa cham'mbuyo. Poyeza kutambalala kwa nyanga, makutu ndiwo muyeso wodalirika, pakuti gwape akawatchera, kuchokera kunsonga ya khutu lina kufika ku linzake kumakhala mainchi pafupifupi 16, ndipo zimenezi zimaoneka mosavuta m'magalasi awa nyama ikayang'ana kumene kuli mlenje.

Pa zing'onozing'ono, kamphete kosinthira diso lakumanja sikakhala ndi loko monga ka Viper HD, choncho ndi bwino kukayang'ana musanayambe tsiku. Ovala magalasi a maso apezanso mpata wokwanirako pa a 8x42 kuposa pa a 10x42. Chitsimikizo cha kampaniyi, chomwe amachitcha VIP, n'chimodzi mwa zifukwa zazikulu zomwe alenje amaikondera: magalasi akawonongeka amakonzedwa kapena kusinthidwa popanda malipiro, safunsa lisiti, ndipo chitsimikizocho chimapitirira ngakhale mwini wake atawagulitsa kwa munthu wina. Sichikhudza magalasi otayika, obedwa kapena owonongedwa mwadala.

Kwa mlenje amene akuyamba kumene, kapena amene wakhala akudalira galasi la pamfuti powerenga nthambi, ndikulangiza Diamondback HD 8x42 mosakayika, ndipo ndalama zimene zikanapita ku magalasi okwera mtengo angazigwiritse ntchito pogula lamba wodzimangira pansanja ndi zipolopolo zoyesera mfuti nyengo isanayambe. Amene cholinga chake ndi kupha amphongo a zaka zinayi ndi theka okha, ndipo amasaka m'mphepete mwa minda ikuluikulu kumene nyama imatuluka kutali kunja kukuda, adzawaona operewera ndipo ayambire pa Viper HD.